Mtsinje wa Jinzu ndi Poizoni Wosaola

Kuyambira kale anthu akhala akuuyesa mtsinje dzala losadzaza. Mayi akachapa zovala padooko, thovu limapita ndi madzi ndipo posachedwa pamalopo pamayeranso. Ng'ombe zikaoloka nkuvundula matope, madzi amadikha okha. Poona zimenezi nkwapafupi kuganiza kuti chilichonse chotayidwa mumtsinje chapita ndithu. Maganizowa ngoona pa zinyalala zimene zimaola, monga ndowe, magazi a kophera nyama ndi masese a mowa, pakuti tizilombo tosaoneka ndi maso timazidya mpaka kutha, bola zisachuluke kuposa mphamvu ya mtsinjewo. Koma m'migodi ndi m'mafakitale mumatuluka zinyalala za mtundu wina zimene palibe kachilombo kangazidye, ndipo dzuwa kapena mvula sizizisintha. Zimenezi zimamira pansi, zimalowa m'dothi ndi m'mbewu, ndipo potsiriza zimakaunjikana m'thupi la munthu.

Dziko la Japan lidazindikira kusiyana kumeneku mochedwa, anthu ambiri atafa kale. Mbiri ya mtsinje wa Jinzu, umene uli chapakati pa chilumba chachikulu cha Honshu, imasonyeza bwino m'mene poizoni wotere amayendera, chifukwa chimene malamulo oyamba adalepherera kumuletsa, ndiponso chimene chidathandiza kuti madziwo ayerenso. Ndi mbiri ya alimi a mpunga, ndipo mlimi wa ku Karonga kapena wa kuchigwa cha Chilwa sangavutike kuimva.

Mgodi kumapiri, mpunga kuchigwa

Jinzu ndi mtsinje wotalika makilomita pafupifupi 120. Umayambira m'mapiri a m'chigawo cha Gifu, nutsikira chakumpoto kudzera m'chigwa cha chonde cha Toyama, ndi kukathira m'nyanja ya mchere. Kwa mibadwo yambiri alimi a m'chigwamo akhala akupatutsa madzi ake ndi ngalande kuti azithirira minda ya mpunga. Mipope isanafike m'midzi, ngalande zomwezo zinkadutsa pafupi ndi nyumba, ndipo amayi ankatungamo madzi akumwa, ophikira ndi otsukira mpunga. Nsomba za mumtsinjemo ndizo zinali ndiwo. Motero moyo wonse wa munthu wa m'chigwamo unali pamtsinje umodzi.

Kumtunda, m'mbali mwa mtsinje wa Takahara umene umathira mu Jinzu, kuli mgodi wa Kamioka. Kampani ya Mitsui idayamba ntchito kumeneko m'chaka cha 1874, ndipo patapita zaka mgodiwo udakhala umodzi mwa migodi ikuluikulu ya zinki ndi mtovu m'dziko lonse la Japan. Tsono mwala wa zinki sukhala ndi zinki yekha. M'kati mwake mumapezekanso pang'ono chitsulo china chotchedwa kadimiyamu, chimene eni mgodi analibe nacho ntchito masiku amenewo, choncho chinkatsalira m'zinyalala.

Ntchito ya mgodi inkakula makamaka pa nthawi ya nkhondo, pamene mtovu ndi zinki zinkafunika popanga zida: nkhondo ya Japan ndi Russia ya mu 1904 ndi 1905, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiponso yachiwiri. Nayo njira yolekanitsira chitsulo ndi mwala idasintha. Akatswiri adayamba kupera mwala mpaka kukhala ufa wosalala, nkuuthira m'madzi osakaniza ndi mankhwala, kenaka nkupoperamo mpweya kuti zitsulo zofunikazo ziyandame pamodzi ndi thovu. Njirayi inkapatsa kampani chitsulo chambiri, koma inkasiya phala la matope osalala zedi. Kale zotsalira zinali miyala yokhakhala imene inkamira pafupi ndi mgodi pomwepo. Tsopano zidasanduka fumbi lotha kuyenda ndi madzi ulendo wa makilomita makumi angapo mpaka kukafika m'ngalande za alimi, kumene madzi amadikha ndipo fumbilo limakhazikika m'munda.

Alimi sadachedwe kuona kuti zinthu sizili bwino. Nthawi zina mtsinje unkabwera wotuwa, nsomba zinkayandama zitafa, ndipo mpunga wa pafupi ndi polowera madzi unkapinimbira. Adakadandaula kangapo konse, ndipo kampani inkawapatsa kachipepeso ka mbewu zawo. Idamanganso madamu osungiramo matope, koma sankagwira zonse. Nkhani yonse inkaoneka ngati ya zokolola chabe. Panalibe woganiza kuti chimene chikupha mpunga chingakhale chikudyanso mafupa a mwini munda.

Matenda otchedwa ndi kulira kwa wodwala

Kuyambira cha m'ma 1910, m'midzi ya m'mbali mwa Jinzu mudayamba kuoneka matenda achilendo. Ankagwira makamaka amayi achikulire amene adabereka ana angapo ndipo adakhala m'deralo zaka zambiri. Ankayamba ndi kuphwanya kwa m'chiuno, msana ndi miyendo. Kenaka mayi ankayamba kuyenda mopendamapendama ngati bakha, ndipo patapita zaka ankagwa pamphasa osadzukanso. Mafupa ankafewa kotero kuti kutsokomola kokha, ngakhale kutembenuzidwa ndi womusamalira, kunkathyola nthiti kapena mkono. Ena msana udapindika mpaka msinkhu wawo kufupika ndi masentimita 30, ndipo m'thupi la wodwala wina madokotala adawerenga malo 72 othyoka. Usiku ndi usana odwalawo ankabuula kuti "itai, itai", mawu a Chijapani otanthauza kuti "chikuwawa, chikuwawa", ndipo kulira kumeneku ndiko kudasanduka dzina la matendawo.

Mabanja ankabisa odwala awo m'zipinda za kuseri. Ankaopa kuti zikamveka, ana awo aakazi sakwatiwa, anyamata sapeza mbeta kumidzi ina, ndipo mpunga wawo sugulidwa pamsika. Ena ankati ndi tsoka la mtundu kapena chilango cha zolakwa zakale. Manyazi amenewa adachititsa kuti matendawo akhale zaka makumi angapo osadziwika kunja kwa chigwacho.

Lero njira ya matendawa njodziwika. Mpunga ndi mbewu imene imayamwa kadimiyamu mosavuta kuchokera m'dothi ndi kumusunga m'njere zake, popanda kusintha maonekedwe kapena kakomedwe. Munthu akamadya mpunga wotero tsiku ndi tsiku, kadimiyamu amakaunjikana mu impso ndi m'chiwindi, ndipo thupi limamutulutsa pang'onopang'ono zedi: pamatenga zaka 10 mpaka 30 kuti theka lokha la amene walowa lichoke. Mu impso muli timitsempha ting'onoting'ono timene ntchito yake nkubwezera m'magazi zinthu zofunika kuti zisatayike ndi mkodzo. Kadimiyamu akationonga, mchere womanga mafupa, monga kashiyamu, umayamba kutuluka, ndipo mafupa amatsala ofewa. Amayi ndiwo adavutika koposa chifukwa mimba ndi kuyamwitsa zinali zitawachepetsera kale mchere umenewu, ndiponso thupi loperewera ayironi limayamwa kadimiyamu wambiri kuchokera m'chakudya.

Dokotala wa ku Fuchu

Dokotala Noboru Hagino adabwerera kwawo kuchokera kunkhondo m'chaka cha 1946, nayamba ntchito pachipatala cha makolo awo m'dera la Fuchu, pakati penipeni pa midzi yovutikayo. M'chaka cha 1955 nkhani ya odwala awo idatuluka m'nyuzipepala ya ku Toyama, ndipo iwo adakaifotokozanso pamsonkhano wa madokotala. Poyamba ankaganiza kuti gwero lake ndi kuperewera kwa zakudya pamodzi ndi ntchito yakalavulagaga ya kumunda. Koma funso limodzi lidawasowetsa mtendere: ngati ndi umphawi, nanga bwanji amayi osauka a m'midzi ina ya ku Japan sadwala chomwecho? Atalemba pamapu nyumba ya wodwala aliyense, adaona kuti odwalawo adaunjikana m'dera lothiriridwa ndi madzi a Jinzu, pamene m'midzi yoyandikana nayo, yotunga m'mitsinje ina, munalibe matendawa.

M'chaka cha 1957 a Hagino adanena poyera kuti gwero la matenda ndi zinyalala za mgodi. Adanyozedwa kwambiri, ena ankati akungofuna kutchuka, ena ankati akuonongera alimi malonda a mpunga. Chithandizo chidachokera kwa anthu a maphunziro ena. A Jun Kobayashi a pa yunivesite ya Okayama adapima madzi, mpunga ndi ziwalo za omwalira napezamo kadimiyamu wochuluka, ndipo a Kinichi Yoshioka, katswiri wa zaulimi, adalondola m'mene madzi ochokera kumgodi amafalikira m'minda. M'chaka cha 1961 a Hagino ndi a Yoshioka adatchula kadimiyamu kuti ndiye akudwalitsa anthu. Padapitanso zaka 7 boma lisanavomere. M'mwezi wa Meyi 1968 Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti itai-itai ndi matenda odza ndi kadimiyamu, ndi kuti kupatula wochepa wachilengedwe, panalibe gwero lina looneka koma mgodi wa Kamioka. Aka kanali koyamba kuti boma la Japan livomereze kuti matenda ena ake adza chifukwa cha zinyalala za kampani.

Mlandu suola

Anthu a m'midzi sadadikire boma. Mu 1966 adakhazikitsa bungwe lawo motsogozedwa ndi a Yoshihisa Komatsu, mlimi amene mayi awo ndi agogo awo adadwala matendawa. Atapita kumgodi kukapempha chipepeso adabwerako chimanjamanja, choncho m'mwezi wa Malichi 1968 odwala ndi achibale a omwalira adakasuma kubwalo la milandu la Toyama. Kwa alimi amene ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendawo, kusumira kampani yaikulu ngati Mitsui kudafuna kulimba mtima, ndipo maloya ambiri ochokera m'madera osiyanasiyana adadzipereka kuwaimira.

Zinthu ziwiri zidawathandiza pabwalo. Choyamba nchakuti lamulo la migodi la Japan linkanena kale kuti mwini mgodi ayenera kulipira zonse zimene madzi ndi zinyalala za mgodi wake zaononga, ngakhale patapanda umboni wakuti adachita mosasamala. Motero alimi sadafunikire kutsimikiza zimene akuluakulu a kampani ankadziwa kapena kuganiza. Adangofunika kusonyeza kuti poizoni adachokera kumgodi nadwalitsa anthu. Chachiwiri nchakuti oweruza sadalole kuti mlandu uchedwetsedwe. Kampani inkaumirira kuti akatswiri sadafotokoze mokwanira m'mene kadimiyamu amafewetsera mafupa, ndi kuti pafunika kafukufuku wina. Bwalo lidaona kuti umboni wa kumene odwala amakhala, madzi amene amamwa ndi zimene zidapezeka m'matupi mwawo unali wokwanira kugamulira mlandu.

Pa 30 Juni 1971 bwalo lidagamula mokomera alimi. Uwu ndiwo udayamba kupambana mwa milandu inayi ikuluikulu ya kuipitsa madzi ndi mpweya imene idagwedeza Japan masiku amenewo. Inayo inali ya ku Niigata, ku Yokkaichi ndi ku Minamata. Kampani idachita apilo, koma pa 9 Ogasiti 1972 bwalo lalikulu la Nagoya, litakhala ku Kanazawa, lidaikaniza. M'mawa mwake alimi ndi maloya awo adafika kulikulu la kampani ku Tokyo, ndipo sadatulukemo mpaka akuluakulu atasaina mapepala atatu. Loyamba linali lonjezo lolipira odwala onse, lachiwiri lolipira kuonongeka kwa minda ndi kukonzanso dothi, ndipo lachitatu linali pangano loteteza mtsinje kuti usaipitsidwenso.

Malamulo a boma ndi mipata yake

Sikuti Japan inalibe malamulo a madzi pamene zonsezi zinkachitika. Mu 1958, asodzi a ku Urayasu atalowa mwaukali m'fakitale ya mapepala imene inkathira madzi akuda mumtsinje wa Edo pafupi ndi Tokyo, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo awiri okhudza madzi otuluka m'mafakitale. Koma malamulowo ankagwira ntchito pamtsinje kapena pagombe pokhapo pamene boma lasankha ndi kulengeza, ndipo kulengezako kunkatenga zaka. Gombe la Minamata, kumene mekyule wa fakitale ya Chisso adapha ndi kupundula mabanja a asodzi, lidalengezedwa mu 1969, fakitaleyo itasiya kale mu 1968 ntchito imene inkatulutsa poizoniyo. Nalo lamulo lalikulu la 1967 linali ndi chiganizo chonena kuti kuteteza malo okhala anthu kuyenera kugwirizana ndi kukula kwa chuma, ndipo chiganizo chimenechi chinkapatsa mwini fakitale aliyense pothawira.

Kumapeto kwa 1970, mkwiyo wa anthu utafika pachimake, Nyumba ya Malamulo idakumana mwapadera nivomereza malamulo 14 a nkhani zimenezi. Chiganizo chija chidafufutidwa. Lamulo latsopano la madzi lidaika malire amodzi m'dziko lonse, ndipo pa kadimiyamu malirewo adali akuti lita imodzi ya madzi otuluka m'fakitale isapitirire mamiligalamu 0.1. Mwini fakitale adalamulidwa kudziwitsa boma asanaike makina otulutsa madzi oipa, ndiponso kupima madzi ake ndi kusunga zotsatira. Wopyola malire ankatha kuzengedwa mlandu osayamba wachenjezedwa, ndipo chigawo chilichonse chidaloledwa kuika malire okhwima kuposa a dziko lonse. Padabweranso lamulo loteteza dothi la m'minda, ndi lina lokakamiza woononga kusenzako mtengo wokonzera. Mu 1971 boma lidatsegula nthambi yapadera yoona zachilengedwe.

Malamulowa adathandiza kwambiri, koma pa poizoni wosaola malire a pa lita imodzi ali ndi chilema. Fakitale ingathe kuthira madzi abwino ambiri m'madzi ake oipa mpaka chiwerengero cha pa lita chitsike, pamene kulemera kwa poizoni wolowa mumtsinje pamwezi sikudasinthe konse. Munda wa mpunga umasunga galamu iliyonse yofikamo, kaya idabwera m'madzi ochepa kaya ambiri. Chilema china nchakuti woyendera wa boma amapima pakamwa pa paipi yodziwika, chonsecho poizoni wambiri amatuluka m'njira zopanda paipi: m'milu ya miyala yakale yotsukidwa ndi mvula, m'mapanga osiyidwa, m'utsi wogwera pamapiri ndi m'madzi a pansi panthaka. Ndiponso malire amene lero akuoneka abwino mawa angapezeke ofooka. Japan yomweyo idatsitsa malire a kadimiyamu kufika pa mamiligalamu 0.03 m'chaka cha 2014.

Alimi alowa mumgodi

Pangano lachitatu la ku Tokyo lija ndilo lidatseka mipata imeneyi. Lidapatsa anthu a kumunsi kwa mtsinje ufulu wolowa mumgodi ndi m'mafakitale ake pamodzi ndi akatswiri osankha okha, kukaona makina oyeretsera madzi ndi madamu a matope, kutunga madzi ndi kutapa dothi kuti akapime kwawo, ndi kuitanitsa mabuku a kampani olembamo zotsatira za kupima. Ndalama za ntchito yonseyi zinayenera kuchokera kukampani. Ulendo woyamba udachitika mu 1972 momwemo, ndipo kuyambira pamenepo gulu la alimi, maloya ndi aphunzitsi a m'mayunivesite lakhala likukwera ku Kamioka chaka ndi chaka, pamene akatswiri amapitanso maulendo ena ang'onoang'ono pakati pa chaka.

Zaka zoyamba kunali kukangana ndi kukayikirana kokhakokha. Koma oyenderawo adayamba kupeza zimene kupima kwa papaipi sikukadazionetsa. Chachikulu chidapezeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Pansi pa fakitale yoyengera zinki panali kudutsa ngalande ya kampani ya magetsi yopititsa madzi kumakina ake, ndipo madzi a pansi panthaka odzala kadimiyamu ankadontheramo nkukatulukira kumtsinje osadutsa pamalo alionse opimira. Kampani idayenera kutchinga madziwo ndi kuwapititsa koyeretsera, kukonza ngalande zozungulira milu yakale, ndi kubzala mitengo pamapiri amene utsi udawasiya mbee. Alimi sankakhutira ndi kumva kuti malire a boma akwaniritsidwa. Iwo ankawerenga makilogalamu otuluka pamwezi, ndipo cholinga chawo chinali chakuti madzi a Jinzu abwerere pamlingo wachilengedwe, wofanana ndi wa mitsinje yopanda mgodi.

Khama limeneli lidabala zipatso. Mu 1972 mgodi unkatulutsa makilogalamu 35 a kadimiyamu pamwezi. Pofika 2010 anali osapitirira 5, ndipo madzi a mtsinjewo adayandikira kwambiri mlingo wachilengedwe uja. Kukumba miyala ya zinki ku Kamioka kudatha mu 2001, koma ng'anjo zoyengera zidapitiriza ntchito, ndipo milu ya zinyalala za zaka zoposa 100 idakalipo m'makwawa a phirilo. Nchifukwa chake maulendo aja sadalekeke.

Mtengo wa dothi

Kuyeretsa madzi kudali kwapafupi poyerekeza ndi kukonza minda. Pajatu akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Kadimiyamu ndi chitsulo, choncho sangaotchedwe kapena kusungunulidwa kuti atheretu. Chimene munthu angachite nkumusuntha kapena kumukwirira. Boma litapima mpunga ndi dothi, mahekitala oposa 1,500 adalembedwa kuti ngoipitsidwa, ndipo alimi ambiri adakhala zaka osalima mpunga m'minda ya makolo awo, akungolandira chipepeso.

Ntchito yokonza idayamba mu 1979. Makina ankapala dothi lapamwamba loipalo nkulikwirira m'maenje okumbidwa m'munda momwemo, pamwamba pake nkuyalapo miyala ndi dothi lolimba lotchinga mizu, kenaka nkuthira dothi labwino lochokera kumapiri. Dothi lachilendolo linalibe chonde, ndipo lidafuna zaka za manyowa kuti libereke bwino. Ntchitoyi idatha mu 2012, patapita zaka 33, atakonza mahekitala 863 ndi ndalama za ku Japan zokwana mayeni 40.7 biliyoni. Minda yambiri yotsala idasandutsidwa malo a nyumba, masitolo ndi misewu. Pa ndalama zonsezo kampani idalipira pafupifupi magawo 4 mwa magawo 10. Zotsalazo zidachokera kumisonkho ya anthu, kuphatikizapo ana ndi zidzukulu za amayi amene adafa aja.

Chigawo cha Toyama chidayamba kalembera wa odwala mu 1967, ndipo onse ovomerezedwa ndi pafupifupi 200, ambiri mwa iwo amayi. Chiwerengerochi sichiphatikiza amene adamwalira kalembera asanayambe, kapenanso ambiri amene impso zawo zidaonongeka koma mafupa asanafewe. Otsirizawa adadikira mpaka mwezi wa Disembala 2013, pamene kampani idapepesa pamaso pa mabungwe a anthu a m'chigwamo nivomera kupatsa aliyense wotere mayeni 600,000. Mabungwewo anali atakana kwa zaka 40 kulandira kupepesa kwa pakamwa dothi ndi madzi zisanakonzedwe. Kuwerenga kuchokera pamene matenda adayamba kuoneka, panali patapita zaka pafupifupi 100.

Mitsinje ya kuno

Zimene zidachitika ku Jinzu si zachilendo m'maiko a kuno. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu ndi zinki udatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidakali m'dothi la m'makomboni, ndipo ana obadwa mgodi utatsekedwa kale akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi. M'mwezi wa Febuluwale 2025 damu la zinyalala la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi lidagumuka, ndipo madzi a asidi, amene poyamba adawerengedwa kuti ndi malita pafupifupi 50 miliyoni, adalowa mumtsinje wa Mwambashi ndi kukafika mu Kafue. Nsomba zidafa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zidapsa, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi. Asidi amasukuluka ndi kupita, koma zitsulo zimene amanyamula zimatsala m'matope, ndipo zimenezo ndizo ziyenera kupimidwa zaka zikubwerazi.

M'dziko lino mtsinje wa Mudi umadutsa pakati pa mafakitale a mumzinda wa Blantyre, ndipo madzi ake amakathera mu Shire. Ofufuza adapezapo kale mtovu ndi kadimiyamu m'mitsinje ya mumzindawo. Pa nthawi yomweyo dziko likuika chiyembekezo pa migodi monga ya ku Kayelekera, ku Kangankunde ndi ku Kasiya. Mgodi uliwonse uli ndi zinyalala za mtundu wake, ndipo si yonse ili ndi kadimiyamu, koma funso la kumene madzi ake adzathire nlimodzi. Malamulo alipo. Lamulo la madzi la 2013 limafuna kuti wothira madzi oipa mumtsinje akhale ndi chilolezo, lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zimene maofesi a boma akusunga lidayamba kugwira ntchito mu 2020.

Chimene mbiri ya Jinzu ikuonjezera pa malamulowa ndi mafunso oyenera kufunsidwa chilolezo chisanaperekedwe. Kodi madzi, matope ndi mbewu za kumunsi zapimidwa ntchito isanayambe, kuti mawa pasadzakhale kukangana za m'mene zinalili? Kodi chilolezo chikutchula kulemera kwa poizoni wololedwa pamwezi, kapena chiwerengero cha pa lita chokha? Kodi ndalama zodzakonzera malo mgodi ukadzatsekedwa zasungidwa padera, kapena zidzachokera kumisonkho? Ndipo koposa zonse, kodi mafumu ndi anthu a kumunsi kwa mtsinje ali ndi ufulu wolembedwa wolowa pamalopo ndi katswiri wosankha okha, kutunga madzi ndi kuona mabuku?

Woyendera wa boma ali ndi mafakitale ambiri oti ayendere ndipo mawa angasamutsidwe, koma mlimi wa kumunsi kwa mtsinje sasamuka, ndipo ana ake ndiwo adzadye mpunga wa m'mundamo. Alimi a ku Toyama adapeza ufulu wolowa mumgodi ataika kale m'manda amayi awo ambiri. Anthu a m'mbali mwa mitsinje ya kuno angathe kuupempha ufulu womwewo pamsonkhano woyamba, pamene eni mgodi kapena fakitale akudzapempha malo.